Ng'ombe ziwiri za abambo ndi ng'oma za ku Minas Gerais

Lero ndipatuke pang'ono pa nkhani za m'kalasi. Mwezi uno banki yandidula komaliza ngongole imene ndinatenga kumayambiriro kwa 2022. Nditaona pa foni kuti malipiro alowa athunthu, ndinakhala pakhonde mpaka mdima, kukumbukira kumene ndalama zija zinapita. Ndaganiza zoti ndilembe cifukwa ndikudziwa kuti pakati panu alipo amene ali ndi mng'ono kapena mlongo wofuna kukaphunzira kunja, ndipo pakhomo pakubuka mafunso omwe anabuka pathu.

Tinabadwa asanu kwathu ku Angónia, ine woyamba. Nditamaliza kalasi ya 10 ndinalowa ku IFP, poti pakhomo pankafunika munthu wolandira pamwezi mwamsanga. Mzime wathu, amene abambo amamuitana kuti Naphiri, ndiye anayenda ulendo umene ine ndinausiyira panjira. Anamaliza sekondale, napita ku Maputo kukaphunzira mbiri yakale pa Universidade Eduardo Mondlane. Cakumapeto kwa 2021 anatiimbira kuti wapeza malo a mestrado ku Brasil, pa yunivesite ina ya boma m'cigawo ca Minas Gerais, ndi bolsa yake. Vuto linali lakuti bolsa imayamba munthu akafika. Tikiti ya ndege, pasipoti, visa ndi lendi ya mwezi woyamba zinali za ife.

Tinakhala pansi kumudzi, amalume alipo. Abambo anafunsa funso limodzi: "Kodi akukaphunzira ciyani cimene kuno kulibe?" Naphiri anafotokoza kuti akukafufuza za ndale ndi cikhalidwe ca anthu akuda a kumeneko, makamaka midzi yochedwa quilombo ndi cikondwerero cawo ca congado. Amalume anaseka. Anati ukanakhala udokotala kapena za migodi akanamva, koma kugulitsa ng'ombe kuti mwana akaonere gule wa eni ake n'zacilendo. Ndinaona nkhope ya abambo ikupita mbali ya amalume, ndiye ndinalowerera. Ndinali nditaona pa intaneti kuti ku Minas kuli magulu ovina ochedwa Moçambique. Ndinati: "Abambo, mwanayu akukafuna abale athu amene anagulitsidwa ukapolo. Magule athu ndi ciyankhulo cathu zikadalipo kumeneko, ndipo iye ndiye akatibweretsere umboni." Panali zii. Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya citenje. Sabata yotsatira abambo anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo, ine ndinapita ku banki kukawonjezera zotsala. Naphiri anangondiyang'ana tsiku lija, osanena kanthu.

Sindinkaona ngati ndanama. Ndinkafunitsitsa kuti zikhale conco. Za Brasil ife kuno tinkangodziwa mpira, ma novela, machalichi ena ndi malasha a ku Moatize. Kumva kuti dzina la dziko lathu likuimbidwa m'misewu ya kumeneko kunandikwanira.

Anafika mu Março 2022. Bolsa inali 1.500 reais pamwezi, ndalama imene sinasinthe kuyambira 2013 mpaka boma litaikweza kufika 2.100 mu 2023. Lendi ya kacipinda kogawana ndi mnzake inkadya gawo lalikulu, ndipo ankadya ku lesitilanti ya ophunzira, mpunga ndi nyemba tsiku ndi tsiku. Cimene cinamutonthoza ndi angu, nsima yofewa ya cimanga cacikasu imene a ku Minas amaphika yopanda mcere, n'kudyera nkhuku ya therere. Kumeneko nthawi ili m'mbuyo ndi maola asanu, ndiye iye akamatuluka m'kalasi dzuwa likulowa, ine ndimakhala ndikuwodzera pa makope a ana. Tinkayankhulana nthawi imeneyo.

Ndi mmene ndinadziwira kuti mestrado imayenda bwanji. Ndi miyezi 24. Caka coyamba n'ca makalasi ndi kuwerenga, mabuku awiri kapena atatu pa sabata, n'kukakangana za iwo pamaso pa mphunzitsi. Kenako pali mayeso ochedwa qualificação, pamene aphunzitsi atatu amang'amba zimene walemba kuti aone ngati kafukufuku wako ali ndi miyendo. Ukapulumuka pamenepo umalemba dissertação yonse, n'kudzaiteteza pagulu. Munthu aliyense amakhala ndi mphunzitsi womuyang'anira. Wa Naphiri anali mayi wacikulire wosaseka wamba, ndipo tsiku loyamba anamufunsa kuti: kodi n'ciyani cimene ukacipeza cidzakusonyeza kuti unalakwitsa? Naphiri analibe yankho. Anandiuza kuti ku Maputo palibe anamufunsapo funso lotere.

Mu Outubro caka comweco anapita koyamba ku mudzi umene anasankha, ulendo wa usiku wonse pa basi. Unali mwezi wa cikondwerero ca Amayi Maria a Kolona, amene kumeneko amati Nossa Senhora do Rosário. Congado ndi Cikatolika ca anthu akuda, cimene cinakulira m'magulu a chalichi a akapolo. Amaveka ufumu mfumu ndi mfumukazi yawo, amalemekezanso São Benedito ndi Santa Efigênia, oyera mtima akuda, ndipo amayenda mumdipiti ndi ng'oma kucokera m'mawa mpaka usiku. Mumdipitimo muli magulu osiyanasiyana. A Congo amatsogola, odumpha, ovala nsalu zowala, kutsegula njira. A Moçambique amabwera pambuyo, pafupi ndi mafumu, akuyenda pang'onopang'ono moweramira pansi, mipango kumutu, zitini zazing'ono zolira ngati masece atamanga m'miyendo, zimene amati gunga, ndipo mtsogoleri wawo atanyamula ndodo. Nthano yawo imati cifanizo ca Maria cinaoneka pamadzi, azungu anapita ndi bandi yawo koma cinakana kukhala m'chalichi mwawo, mpaka akapolo okalamba atabwera ndi ng'oma zawo ndiye cinatuluka n'kuwatsata. N'cifukwa cake a Moçambique ndiwo amaperekeza zisoti zaufumu.

Usiku umenewo ananditumizira mawu pa WhatsApp akulira. "Acimwene, ng'oma akuzichula kuti ingoma! Ndamva ndi makutu anga!" M'mawa ndinamvetsa aphunzitsi onse pasukulu. Loweruka ndinakwera njinga kupita kumudzi kukamvetsa abambo.

Atabwerera ku yunivesite anakauza mphunzitsi wake ndi cimwemwe comweco. Mayi uja anangomufunsa kuti liwu limenelo limapezeka m'ziyankhulo zingati. Naphiri anawerenga, napeza kuti lili paliponse, kucokera ku Angola ndi Congo mpaka ku Zanzibar. Silingaloze mudzi uliwonse. Anamupatsa zoti awerenge: José Capela pa malonda a akapolo m'madoko a Moçambique, Mary Karasch pa moyo wa akapolo ku Rio de Janeiro, Edward Alpers, Yeda Pessoa de Castro pa mawu a ku Afirika m'Cipwitikizi ca ku Brasil, ndiponso Leda Maria Martins ndi Glaura Lucas amene analemba za congado yeniyeniyo.

Zimene anapeza ndi izi. N'zoona kuti anthu a kwathu kuno anatengedwa. Mu Dezembro 1794 sitima yochedwa São José inacoka ku Ilha de Moçambique ndi akapolo oposa 400 kupita ku Maranhão, ndipo inasweka pafupi ndi Cape Town, oposa 200 n'kumira. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 sitima zocokera ku Quelimane ndi ku Ilha zinaculuka pa doko la Rio. M'menemo munali Amakua, Ayao, Asena ndi Amaravi, makolo athu. Koma akafika, amalonda ankawapatsa onse dzina limodzi la doko kapena dera limene akwerera, ndiye onse anasanduka "Moçambique". Pa anthu oposa 4 miliyoni amene Brasil inalandira kucokera ku Afirika, ambiri a ku Rio ndi ku Minas anacokera ku Angola ndi Congo, ndipo mawu a ku Afirika otsala m'nyimbo za congado ambiri amaloza kumeneko, ku Kimbundu ndi Kikongo. Mulungu amamuchula Zambi, nyanja amati kalunga. Lero munthu amalowa gulu la Moçambique cifukwa agogo ake anali m'menemo, kapena cifukwa ca lonjezo limene anacita kwa Maria pa matenda. Kumeneko Moçambique ndi dzina la udindo pa cikondwerero. M'mudzi umene Naphiri ankafufuza munalibe pepala kapena mkulu wonena kuti makolo awo anacokera ku Zambezi.

Anandiuza zimenezi usiku wina mu Novembro. Ndinapsa mtima. Ndinati: "Ndiye ndikawauze ciyani abambo? Ng'ombe zija zinapitira ciyani?" Ndinamuuzanso kuti angolemba zimene zikufanana, magule, ng'oma, kulemekeza mizimu, palibe amene adzamutsutse. Anakhala cete kanthawi, kenako anati: "Acimwene, amene munalonjeza ndinu. Ine sindinalonjeze." Ndinadula foni. Tinatha masabata atatu osayankhulana.

M'masabata amenewo ndinadziyang'ana bwino. Mkwiyo wanga sunali wa ng'ombe zokha. Ine ndinali nditasiya maphunziro ndili ndi zaka 18 kuti iye afike kumene anafika, ndipo mumtima ndinkafuna kuti ulendo wake undibwezere kanthu koti ndiziimirira nako pagulu. Ndinali nditauza kale anthu ambiri. Ana a kalasi yanga ndinali nditawauza kuti ku Brasil kuli anthu oyankhula Cinyanja. Ine amene ndimalemba mzere wofiira pa kope la mwana akakopera yankho, ndinkauza mlongo wanga kuti apeke.

Ndinamuimbira ndekha. Sitinakambe za mkangano uja. Anandisimbira nkhani ya mfumukazi ya m'mudzi muja, agogo a zaka za m'ma 80. Atamva kuti kwabwera mtsikana wa ku Moçambique weniweni, anamuitanira kukhichini, namunong'oneza liwu lina la m'nyimbo imene anaphunzira kwa amayi awo, limene palibe ankadziwanso tanthauzo lake. Anamugwira dzanja n'kumufunsa kuti limatanthauza ciyani kwawo. Naphiri akuti liwulo linkamveka pafupi ndi lina lathu, ndipo akananena, agogowo akanakondwera, mudzi wonse ukanakhulupirira, ndipo pakatha zaka khumi likanalembedwa m'buku la wofufuza wina ngati coonadi ca makolo. Anawayankha kuti sakulidziwa. Agogowo anakhumudwa pang'ono, kenako anati ndi bwino, ena amene anabwera kale ankadziwa zonse. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumuitana kuti adzathandize kusenda cinangwa ndi kutsuka miphika ya cikondwerero, ndipo nkhani zenizeni zinayambira pa miphikapo.

Kufufuza pakati pa anthu kuli ndi malamulo ake. Asanafunse munthu aliyense, komiti ya yunivesite inayenera kuvomereza mafunso ake, ndipo aliyense woyankha ankayenera kupereka cilolezo. Akuluakulu ena anakana kusaina. Anati makolo awo anataya minda cifukwa coika cala pa pepala limene sankatha kuwerenga. Zinatengera kuti komiti ilole cilolezo ca pakamwa cojambulidwa pa foni. Mtsogoleri wa a Moçambique anamuuzanso kuti pali nyimbo zina zosajambula ndi zosalemba. Anzake a m'kalasi ena ankadandaula ndi zoterezi, koma mwana wa ku Angónia sanafunikire kumufotokozera kawiri. Tinakula tikudziwa kuti za kudambwe saulula. Anatseka foni, ndipo m'buku lake analemba kuti pali zimene anamva koma sadzazilemba.

Pa miphika paja ndi pamene anaona kuti nkhani imene inkawasowetsa tulo anthu aja ndi ya nthaka. Apa ndiye pali ndale. Mu Setembro 1850 Brasil inakhazikitsa lamulo loletsa kubweretsa akapolo kucokera ku Afirika, ndipo mwezi womwewo inakhazikitsanso lamulo lakuti nthaka ya boma munthu aziipeza pogula basi. Ukapolo utathetsedwa pa 13 Maio 1888, lamulo lake linali ndi ndime ziwiri zokha, lopanda munda kapena cipukuta misozi kwa omasulidwa. Anthu anakhala pamene anali, m'malo amene makolo awo anathawirako, anapatsidwa ndi pakamwa, kapena anagula popanda mapepala. Kale liwu lakuti quilombo linali mlandu: mu 1740 boma la Apwitikizi linati ndi malo alionse okhala akapolo othawa oposa asanu. Wamkulu kwambiri unali Palmares, kumene mtsogoleri wake Zumbi anaphedwa pa 20 Novembro 1695. Patapita zaka 100 cithetsedwe ukapolo, malamulo aakulu a dziko a 1988, m'ndime 68 ya gawo la malamulo osinthira, anati zidzukulu za ma quilombo zimene zikukhala pa nthaka yawo ndi eni ake, ndipo boma liwapatse mapepala. Dzina limene linali mlandu linasanduka khomo lopezera ufulu.

Koma njira yake ndi yaitali. Lamulo la nambala 4.887 la 2003 limati mudzi umadzichula wokha kuti ndi quilombo, n'kulandira cikalata ku Fundação Cultural Palmares. Kenako bungwe la za nthaka la INCRA limatumiza akatswiri kukalemba lipoti la mbiri ya mudzi ndi malire ake. Amene akutsutsa amapatsidwa nthawi. Ngati pali minda ya anthu ena m'katimo, boma liyenera kuwalipira. Pamapeto pake pepala limatuluka m'dzina la bungwe la mudzi wonse, ndipo nthakayo singagulitsidwe. Cipani cina cinakasuma kuti lamulo la 2003 lithetsedwe, ndipo khoti lalikulu linagamula mu Fevereiro 2018 kuti lamulolo likhale. Kalembera wa 2022, woyamba kuwerenga anthu a m'ma quilombo, anapeza oposa 1,3 miliyoni, Minas Gerais ili yacitatu pambuyo pa Bahia ndi Maranhão, ndipo ocepa kwambiri mwa iwo ndi amene amakhala pa nthaka yokhala ndi mapepala omaliza. Mudzi wa Naphiri unali ndi cikalata ca Palmares kwa zaka zambiri, koma lipoti la malire linali lisanayambe. Mbali zitatu unazunguliridwa ndi bulugamu wa kampani ina, ndipo kasupe amene ankatungako madzi anali m'kati mwa waya.

Iye anafika m'caka ca cisankho. Jair Bolsonaro, amene asanakhale pulezidenti ananena poyera kuti sadzapereka nthaka ngakhale pang'ono kwa amwenye a kumeneko ndi a m'ma quilombo, ankapikisana ndi Lula, ndipo pa 30 Outubro 2022 Lula anapambana ndi mavoti ongopitirira theka pang'ono. Ine ndinkaganiza kuti mudzi wonse uli mbali imodzi. Naphiri anati ayi. Munali mabanja amene analowa machalichi atsopano, nasiya ng'oma n'kumaziti n'zausatana, ndipo ena mwa iwo anavotera Bolsonaro. Munali anyamata ogwira nchito m'bulugamu momwemo amene ankaopa kuti mlandu wa nthaka uwacotsetsa nchito. Munalinso amene sankafuna pepala la mudzi wonse cifukwa ankafuna kudzagulitsa gawo lawo. Anati kulemba za anthu amene wawakonda popanda kubisa mikangano yawo ndiyo inali nchito yovuta kuposa zonse.

Funso la kafukufuku wake linasintha. Anaona kuti mdipiti wa cikondwerero suyenda mwacisawawa. Umaima pa mtanda wakale, pa manda, pa bwinja la mfumu yoyamba, pa mtengo wina kumalire, ndipo malo ena mwa amenewa tsopano ali kuseri kwa waya, moti caka ndi caka amapempha cilolezo kuti alowe ndi ng'oma zawo. Anatsata mdipiti ndi kope m'manja, nafananiza malo oimapo ndi mabuku a ubatizo a ku parishi ndi mapepala akale a ku ofesi yolembetsa minda. Mfundo yake inakhala yakuti njira ya mdipiti ndiyo mapu a nthaka ya mudzi, osungidwa m'miyendo ya anthu pamene mapepala kunalibe. Pa qualificação anamubweza kuti akalembenso mutu wathunthu, cifukwa anafulumira kunena za Minas yonse pamene umboni wake unali wa mudzi umodzi. Analira, ananena zobwerera kwathu. Ulendo uno ndine ndinamuuza kuti akhale.

Panatsala abambo. Ndinazengereza mpaka nthawi yokumba kacewere mu 2023. Popeza ngolo inalibe zokoka, tinkalipira ya aneba, ndipo tsiku lina ineyo ndi abambo tinkasenza matumba kupita nawo kumsewu. Titakhala pansi kupuma ndinati: "Abambo, zija ndinanena zija sizinali zoona. Naphiri sanapeze abale athu." Ndinafotokoza zonse, za madoko, za dzina, za agogo aja ndi liwu lawo. Anamvetsera akusenda nzimbe. Za abale sanafunsenso. Anafunsa kuti anthuwo akhala pa nthakayo zaka zingati. Ndinati zoposa 100. Anafunsa ngati manda a makolo awo ali pomwepo. Ndinati inde. "Nanga mboni zilipo?" Ndinati zilipo, koma kumeneko mboni sizikwanira, pamafunika lipoti ndi pepala. Abambo amadziwa kuti kuno lamulo la nthaka la 1997 limavomereza munda wa makolo ngakhale popanda pepala la DUAT, ndiponso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka, cifukwa anakhalapo mboni pa mlandu wa malire. Anapukusa mutu nati: "Ndiye mwanayo akulemba malire a anthu. Imeneyo ndi nchito." Kenako anandiyang'ana. "Koma iwe, mphunzitsi, usamathamange ndi pakamwa."

Lolemba lake ndinaima pamaso pa ana a kalasi yanga n'kuwauza kuti zimene ndinawauza za Cinyanja ca ku Brasil ndinalakwitsa. Mtsikana wina anafunsa ngati aphunzitsi nawonso amalakwa mayeso. Ndinati inde, ndipo amene anandikonza ndi mng'ono kwa ine ndi zaka khumi.

Anateteza dissertação yake mu Março 2024, 2 koloko masana kumeneko, kuno 7 koloko usiku. Yunivesite inalola kuti anthu aonere pa intaneti. Ndinakatenga abambo ndi amayi kumudzi, amalume anabwera okha osaitanidwa. Ndinagula mega okwanira, foni tinaitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira pa tebulo. Iye anayankhula mphindi 20, kenako aphunzitsi atatu anamufunsa mafunso kwa maola awiri. Ine ndinkamasulira. Mmodzi anamufunsa cifukwa cake munthu wa ku Moçambique sanalembe zambiri za kufanana kwa magule a kwawo ndi a kumeneko. Anayankha kuti anapita kukafuna zimenezo, koma umboni unamutengera kwina, ndipo kufanana kwa maonekedwe sikusonyeza ubale. Nditamasulira, amalume anatsokomola n'kundiyang'ana. Pa kona ya foni tinkaonanso anthu a m'mudzi muja atasonkhana m'holo ya bungwe lawo, agogo aja ali kutsogolo. Atalengeza kuti wakhoza, iwo anayamba kuimba ng'oma, amayi kuno n'kululutira, moti aneba anatuluka kudzaona.

Asanabwerere anakasiya buku lake m'manja mwa bungwe la mudziwo, pamodzi ndi mapu ndi zithunzi za mapepala onse amene anapeza, kuti tsiku limene akatswiri a boma adzabwere adzapeze poyambira. Pano ali ku Tete, akuphunzitsa mbiri pa sekondale ina pa kontalakiti, malipiro ake osasiyana kwenikweni ndi anga. Akulemba mapepala opempha doutoramento. Akufuna kudzafufuza mbali ya kuno ya nkhani yomweyi, njira zimene anthu ankadutsa kucokera kumtunda kuno kupita ku Quelimane. Amalume amafunsabe kuti ndalama ya maphunzirowo idzaoneka liti, ndipo sindiwayankha mwamwano cifukwa funso lawo lili ndi malo ake.

Kwa inu amene muli ndi wofuna kupita, ndinganene zimene ndinaona. Werengani ndalama za miyezi iwiri yoyamba musanagule tikiti, cifukwa bolsa imatha kucedwa. Mufunseni funso lake la kafukufuku, ndipo mukaona kuti lasintha pakati pa caka musadabwe. Musamulonjezere kwa makolo zimene akapeze. Ine ndinatero, ndipo ndinatsala pang'ono kumukankhira ku bodza kuti ndipulumutse nkhope yanga.

Abambo akamva kuti ndayankhula ndi Naphiri amafunsa cinthu cimodzi: "Anthu aja, pepala lawo linatuluka?" Mpaka lero ndimayankha kuti ayi. Tsopano ngongole yatha, ndinali ndi maganizo awiri, kulembetsa licenciatura ya patali imene ndakhala ndikuilota, kapena kuyamba ndi khola. Ndinamufunsa Naphiri. Anati tisonkherane, iye theka ine theka, ng'ombe imodzi caka cino, ina caka ca mawa, ndipo mafomu a sukulu anditumizira yekha mu Janeiro, ndisadzanamizire ngongole. Loweruka likubwerali ndikupita ndi abambo kukaona kang'ombe kena ku Domwe. Akuti ndisayankhule kanthu pa mtengo, ayankhula okha.